Chipupa Chimene Ndinakana Kuchidetsa

Chaka chimene dzombe linatera m'mapiri muno n'kumaliza chimanga chikadali chachiwisi, ine ndinali ndi pakati pachitatu, ndipo pakati pakepo ndiye bambo anu a Samisoni, amene lero ali ndi imvi zoposa zanga. Khalani pansi pakhonde pano pentiyo ayambe wauma, chifukwa mukabwereza asanaume mungowononga. Ndipo iwe Tiyanjane, wandifunsa kokwanira chifukwa chimene ndakanira wobiriwira uja n'kuumirira woyera m'chipinda changa. Ndikuuzani, koma musandidule pakamwa.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa esiteti, kumunsi kwa fakitale, tiyi asanaphimbe mapiri onse ngati mmene mukuonera lero, ndipo kwina kunali kukadali nkhalango imene amuna athu ankagwetsa n'kumazula zitsa. Ife tinachokera kwa Apwitikizi ine ndili kumsana, makolo athu akuthawa zikwapu za kumeneko, koma titaoloka Ruo tinapeza kuti dziko lonse lili kale ndi mwini wake, mzungu. Ankakulola kumanga kanyumba ndi kulima kamunda, koma iwe uzimugwirira ntchito miyezi imene iye wafuna. Ndiyo ntchito ya thangata imene mumawerenga m'mabuku a kusukulu kwanuyo. Nyumba unkamanga wekha, mitengo kusenza wekha, udzu kumweta wekha, koma siinali yako, ndipo inkayenera kukhala yoti amuna anayi akabwera m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu ikhale ili pansi. Njerwa zootcha ayi, mango pakhomo ayi, chifukwa ankati munthu wodzala mango ndiye kuti akuganiza zokhalitsa. Inu lero mumakangana ndi eni nyumba za lendi pa nkhani ya loko wa pachitseko, mwayankha, mwaloza chala, mawa mukadali momwemo. Ife kuyankha kunali kusamuka.

Nyumba yathu ine ndi agogo anu aamuna, a Yohane, inali ya mitengo yomata dothi, chipinda chimodzi basi, yopanda zenera, ndipo moto tinkasonkha momwemo, moti zipupa zinali bii ndi mwaye, zong'ambikang'ambika ngati zidendene za munthu woyenda ulendo. M'ming'alu imeneyo munkakhala nsikidzi ndi nkhufi. Inu nkhufi simuzidziwa, ndipo muzithokoza. Ndi kachilombo konga nkhupakupa, masana kamabisala m'chipupa, anthu akagona n'kutuluka kudzayamwa magazi, ndipo kakaluma mwana thupi limatentha, n'kuzizira, n'kutenthanso, mpaka mwanayo kulefukiratu. Mwana wanga woyamba, Marita, anakhala miyezi isanu. Wachiwiri anali wamwamuna, koma sitinamutche n'komwe dzina. Onse awiri anafera m'chipinda chomwecho, ine ndikuwafungatira mumdima dzuwa likuswa mtengo panja, ndipo anthu anati ndi ufiti, n'kumaloza mayi wina wachikulire amene sanandilakwire kanthu. Inenso ndinakhulupirira, sindibisa, ndinasiya kumupatsa moni mayiyo, ndipo anamwalira ndisanamupepese.

Chimene chinanditsegula maso ndi khasu. Linanditema paphazi ndikupalira m'mizere ya tiyi, bala linanyeka, ndipo a Yohane ndi mnzawo anandinyamula pa machira mpaka ku chipatala cha mishoni. Pondilowetsa m'chipinda cha odwala ndinatsinzina, chifukwa zipupa zinali mbee, ndipo ine ndinali ndisanalowepo m'nyumba yowala mkati chibadwire. Ndinkaopa ngakhale kutsamira, kuti ndingasiyepo chizindikiro cha msana wanga. Amene ankanditsuka bala anali amayi Rute, namwino wa mpingo wa Sabata, Mlomwe mnzathu, ndipo ankandilankhula m'chinenero chakwathu pamene adokotala achoka. Iwo anaona zipsera zolumidwa m'mikono mwanga, anandifunsa za ana, ndipo nditawafotokozera mmene anadwalira anandiuza kuti ana ambiri a m'maesiteti amabwera choncho, ndipo chimene chimawapha si munthu ayi koma chipupa. Anati ming'alu ikamatidwa bwino n'kupakapo zoyera, kachilombo kamasowa pobisala, ndipo kakayenda pa chipupa choyera kamaoneka ngati mbuzi yakuda pabwalo.

Ndinawafunsa kuti munthu ngati ine laimu ndingamupeze kuti. Iwo anaseka, nati agogo athu sankadziwa laimu koma ankadziwa dothi loyera la m'magombe a mitsinje, ndipo anandilongosolera kamtsinje kena cha ku Khwethemule kumene gombe linagumuka n'kusiya dothilo poyera.

Tsono imvani chinthu chimene chinkandiwawa kwambiri. A Yohane ntchito yawo pa esiteti inali yopaka laimu. Ankapaka fakitale, sitolo, nyumba ya mzungu mkati ndi kunja, ankapaka miyala ya m'mbali mwa msewu wopita ku nyumbako, ankapaka ngakhale khola la akavalo kawiri pa chaka kuti akavalowo asalumidwe ndi tizilombo. Mwamva? Kavalo ankagona m'chipinda choyera. Madzulo munthuyo ankabwera ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, manja atang'ambika chifukwa laimu amadya khungu, n'kuwerama kulowa m'dzenje lathu lakudalo. Nditachira ndinawauza zimene ndinamva kuchipatala, ndipo iwo anagwira pakamwa, nati laimu ngakhale wodzaza chikhatho chimodzi ndi kuba, chikoti chake n'chosanena. Ndinawayankha kuti laimu wa mzungu sindikumufuna, ndikakumba dothi la Mulungu. Koma iwo anati ndani adzakhulupirira kuti m'nyumba ya wopaka laimu mwayera ndi dothi? Anali munthu wofatsa agogo anu, sankakweza mawu, ndipo anandichonderera kuti tisadziitanire maso a anthu, tingopemphera.

Ndinawauza kuti, "Kupemphera ndipemphera, abambo, koma mwana uyu sindimuberekera mumdima. Awiri akwana."

Sanayankhe, ndipo ine kusayankhako ndinakutenga ngati chilolezo, ngakhale ndinkadziwa kuti sichinali.

Tsiku lopuma pa esiteti linali Lamulungu lokha, ndiye tikatuluka m'tchalitchi anzanga ankapita kukapeta ndi kukachezerana, ine n'kutenga dengu ndi kakhasu kulunjika ku Khwethemule, mimba ili patsogolo, phazi likadali lotsimphina. Inu lero kungoti mufike pa Khonjeni pomwepa mukuitana kabaza. Ulendo woyamba ndinasochera, ndinabwerako chimanjamanja, miyendo itatupa. Ulendo wachiwiri ndinalipeza gombelo, ndipo dothi lake linali loyera motuwira, losalala m'manja ngati ufa wonyowa, moti ndinakhala pansi m'madzi momwemo n'kuyamba ndadyako, paja mayi wapakati ndi dothi sasiyana. Ndinasenza Malamulungu atatu. Pokwera chitunda chomaliza khosi linkachita ngati lithyoka, ndipo ndinkatula dengu, kupuma, kulankhula ndi wam'mimbayo kuti limba, izi ndi zako.

Dothilo ndinaliyanika kuseri kwa nyumba, ndinalisinja mumtondo, ndinalisefa, kenako n'kuliviika mumphika waukulu. Koma ndisanapake ndinayamba ndatulutsa katundu yense panja, kupala mwaye ndi chibade cha mphika, kuyatsa miyuni ya udzu n'kumayendetsa moto m'ming'alu, ndipo zimene zinatuluka mmenemo sindifuna kuzifotokoza mukadali ndi chakudya m'mimba. Ndinamata ming'alu yonse ndi dothi la pachulu, ndinaboola kazenera kolowa mikono iwiri mbali ya kotulukira dzuwa, ndipo mafuwa ndinawasamutsira panja pansi pa kachisakasa kuti utsi usadzalowenso. Amayi Rute anandilangiza kuti ndisakanize dothilo ndi phala lamadzimadzi la chinangwa kuti lisamachoke munthu akatsamira, ndipo ndinatero. Ndinayamba kupaka ndi chisanza, koma anthuni, zimene zinatuluka zinali zamanyazi. Pena pochindikala, pena poonekera dothi lakuda, madzi akuyenderera mpaka pansi, ndipo mtundu wake unali wotuwa ngati phulusa lonyowa. Ndinakhala pakati pa chipinda n'kulira, kuganiza kuti ndathyola khosi langa pachabe.

A Yohane anandipeza ndili choncho. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana chipupacho, nkhope itakwinyika, ndipo ine ndinkadikira kuti andikumbutse kuti ananena. Koma chimene chinawapweteka si mantha ayi, inali ntchito yoipayo. Munthu waluso sapirira kuona ntchito yake ikunyozedwa, ngakhale woinyozayo akhale mkazi wake. Anatuluka, anakadula khonje, anamusasantha ndi mwala, anamanga burashi pa kamtengo, ndipo atabwera anathira madzi ena mumphika muja, nati ndalimbitsa kwambiri, zopaka zimafuna kukhala ngati mkaka osati ngati phala. Anayambira pamwamba kutsika pansi, mopyapyala, dzanja likuyenda mosathamanga, ndipo anandiuza kuti kutuwako ndisakuope, choyera chimabwera pouma. Mawa lake anabwereza mopingasa, mkuja lake anabwerezanso motsitsa. Tsiku lachinayi dzuwa litalowa pa kazenera kaja, ndinaona nkhope ya mwamuna wanga m'nyumba mwathu kwa nthawi yoyamba popanda kuyatsa moto, ndipo ndinaona kuti akumwetulira ngakhale ankayesa kubisa.

Kunja sitinapake, tinasiya kuli kofiira ngati nyumba zina zonse, poganiza kuti za mkati ndi zathu. Koma amayi anzanga anayamba kubwera, wina kudzapempha moto, wina kudzabwereka sefa, onse maso ali pa chipupa, ndipo sabata isanathe nkhani inafika kwa a Sande, kapitao wa mbali yathu. A Sande anali munthu wakuda ngati ife, koma anali ndi nsapato ndi chikoti, ndipo ankatiitana ndi dzina lonyoza lija limene ankatitchula Alomwe masiku amenewo, limene sindilitchula pakhomo panga. Anabwera masana a Yohane ali kuntchito, analowa osaodira, anapaka chala pa chipupa, anachiyang'ana, nati ameneyu ndi laimu wa ku sitolo. Ndinawaonetsa mtondo, sefa, ndi dothi lotsala kuseri, koma iwo anakankha mphikawo ndi phazi, nati zimenezo ndaika dala kuti ndiphimbe umbava. Dzuwa lisanapendeke ndinamva kuti a Yohane awatsitsa pa makwerero ku fakitale, awatsekera m'kachipinda ka pa ofesi, ndipo m'mawa mzungu akaweruza akwapulidwa pamaso pa anthu onse.

Achemwali anga anathamangira kwathu, nandiuza kuti nditenge mtsiro wakuda msangamsanga ndizire zipupa zonse, kenako ndikagwade kwa a Sande ndi nkhuku m'manja, mwina angachepetse zikoti. Sankanena zoipa, ankandikonda, ndipo aliyense wanzeru akanatero. Koma ine ndinaganiza kuti ndikadetsa chipupacho ndiye kuti ndavomera kuti mwamuna wanga ndi wakuba, ndipo dzina limenelo silichoka ndi madzi.

Kutacha ndinatenga khasu, ndinagumula chibenthu cha chipupa changa pafupi ndi chitseko, chachikulu ngati mbale, mbali imodzi yoyera mbali ina yofiira, ndinachiika m'dengu, ndinasenza, n'kukwera ku ofesi. Musaganize kuti sindinkaopa. Paja mkazi sankafika pa khonde la ofesi pokhapokha ataitanidwa. Ndinapeza anthu ataima m'mizere kudikira kugawidwa ntchito, mzungu atakhala pampando ndi kapu yake, kalaliki womasulira ali pambali, ndipo a Yohane atawakhazika pansi, manja omangidwa ndi chingwe cha khonje. Atandiona anaweramitsa mutu. A Sande anandikalipira kuti ndichoke, koma ine ndinapitirira mpaka pa masitepe, ndinatula dengu, ndinagwada monga mwa ulemu, chifukwa ulemu sindinautaye, ndipo ndinapempha kalaliki kuti auze bwana kuti ndabweretsa chipupa chimene akuzengera mlandu mwamuna wanga.

Mzungu anatukula nsidze, nalola kuti ndilankhule, ndikuganiza kuti ankafuna choseketsa cha m'mawa. Ndinapempha kuti abweretse laimu wa ku sitolo, ndipo anatuma munthu, anabwera naye m'chitini. Inu laimu wa masiku amenewo simumudziwa, ankati akamuthira madzi amawira yekha popanda moto, ndipo kadontho kakagwera m'diso munthu ankagubuduka pansi. Ndinapala choyera cha pa chibenthu changa ndi chikhadabo mpaka chinadzaza chikhatho, ndinayang'ana a Sande, n'kunena mokweza kuti mizere yonse imve:

"A Sande akuti ichi ndi icho n'chimodzi. Ngati n'chimodzi, ine ndidya changa, iwo adye chawo."

Ndinaponya m'kamwa, ndinatafuna, ndinameza, ndinapalanso china n'kudyanso. Kalaliki anamasulira mawu akunjenjemera chifukwa chodziletsa kuseka. Pabwalo ponse maso anatembenukira kwa a Sande, amene anayang'ana chitini chija, anayang'ana mzungu, n'kubweza manja kumbuyo. Wina kumapeto kwa mzere anatsokomola, wina anaphulika, basi mizere yonse inagwa nako kuseka, ndipo mzungu naye anaseka mpaka tiyi anatayikira pa kabudula wake. Anatsika, anatenga chibenthu changa, anachinunkhiza, anachifikisa pakati pa zala, nalamula kuti a Yohane amasulidwe.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, adzukulu anga, koma kuseka kwa mzungu sikunali chikhululukiro. Atapukuta kabudula wake anafunsa kudzera mwa kalaliki kuti anandilola ndani kuboola zenera ndi kuyeretsa nyumba imene ili pa malo ake. Anati kuba palibe, wavomera, koma mmodzi akayamba zimenezi mawa onse adzafuna laimu, mkuja adzafuna njerwa, kenako adzaiwala kuti ndi alendo. Analamula kuti pofika Loweruka zenera litsekedwe, zipupa zibwerere mmene zinalili, apo ayi tikakolola tichoke pa esiteti. Ndipo a Yohane anawalanda burashi tsiku lomwelo, n'kuwatumiza kozula zitsa, ntchito yothyola msana imene ankapatsa anthu ongofika kumene.

Madzulo ake tinakhala m'chipinda chija awiriwiri. Ine mtima unkandiimba mlandu, chifukwa munthuyo anandichenjeza, ndipo tsopano ntchito yake yaluso yapita, malo okhala akupita, zonse chifukwa cha liuma langa. Ndinawafunsa kuti akufuna ndichite chiyani. Ndikuuzani zoona, akanati ndidetse sindikudziwa ngati ndikanamvera, mwina banja likanathera pomwepo. Iwo anakhala akuyang'ana chibowo chimene ndinagumula pafupi ndi chitseko, ndipo patapita nthawi anati:

"Pamenepa pamatidwe mvula isanabwere. Pakauma tidzapake kawiri, apo ayi padzaoneka chigamba."

Loweruka linafika, a Sande anabwera kudzaona, anapeza zenera lili chitsegukire, chigamba chili chiwisi, ine ndili pakhomo ndikusenda nyemba za kalongonda. Anandifunsa ngati ndinamva lamulo la bwana. Ndinayankha kuti ndinamva bwino lomwe, makutu anga alibe vuto. Anandifunsa ngati ndikudziwa kumene ndidzapite ndi khanda. Ndinati sindikudziwa, koma kumene ndidzapiteko ndidzapita nalo lamoyo. Anachoka akugwedeza chikoti, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayi ena anasiya kudutsa pakhomo pathu, ankazungulira kuseri, kuopa kuonedwa akucheza ndi munthu wothamangitsidwa. Sindinawasungire chakukhosi, aliyense anali ndi ana ake.

Bambo anu anabadwa mvula yoyamba itangogwa, m'mawa, dzuwa likulowa pa kazenera kaja n'kugwera pamphasa. Azamba amene anandithandiza anali achikulire, anabereketsa amayi ambiri pa esiteti, ndipo anati chiyambire ntchito yawo sanaonepo bwino chonchi chimene manja awo akuchita. Miyezi yotsatira ndinkayendera zipupa zija m'mawa uliwonse ngati msilikali, ndipo kachilombo kakangoonekera ndinkakatswanya ndi chala. Mwanayo anadutsa msinkhu umene wachiwiri anafera, anadutsa miyezi isanu ya Marita, akuyamwa, akunenepa, akulira mokweza moti anansi ankadandaula. Sindikunena kuti dothi ndilo linamusunga, zimenezo adziwa ndi Mulungu, koma nkhufi sizinamulume, chimenecho ndinachiona ndi maso anga.

Titakolola timapira timene tinabzala m'malo mwa chimanga chija, anabwera amuna anayi ndi a Sande. Onse anayi anali anansi athu, mmodzi tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo sankatiyang'ana kumaso. Katundu tinali titatulutsa kale, mphasa, miphika, mtondo, nkhuku ziwiri. Ndinawapempha adikire pang'ono, ndinalowa n'kusesa chipindacho komaliza, chifukwa sindinafune kuti wina adzanene kuti anagwetsa nyumba yauve. Atasasula denga, dzuwa linagwera mkati monse, ndipo zipupa zija zinawala moti anthu othyola tiyi kutsidya la chigwa anaimirira m'mizere n'kumaloza. Amuna aja anaima, manja ali lende. A Sande anachita kukuwa kawiri kuti akankhe. Ine sindinalire, ndinaima chilili mwana ali kumsana mpaka chipupa chomaliza chinagwa, kenako ndinasenza mtondo wanga, a Yohane patsogolo, ulendo wa ku Mphuka kumene tinamva kuti kuli malo a mafumu osakhala a mzungu.

Malo tinapatsidwa, koma anali pa chitunda cha miyala kumene khasu linkalira ngati belu, ndipo chaka choyamba tinavutika zenizeni. Tinadya chigwada chopanda mchere, tinadya nthochi zosakhwima, a Yohane anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Achemwali anga atabwera kudzationa analira, nandiuza kuti ndaphetsa banja ndi njala chifukwa cha chipupa, ndipo anandifunsa ngati tsopano ndikuona kulakwa kwanga. Ndinawauza kuti njala ndikuiona, koma kulakwa sindikukuona. Mpaka lero sindinakuone. Kunoko ku Khonjeni tinasamukira pambuyo pake, zinthu zitayamba kuwongoka, a Yohane atayamba kuitanidwa kukapaka matchalitchi ndi masukulu.

Koma tikadali ku Mphuka, chilimwe chachiwiri, kunabwera mlendo masana ine ndikusinja. Anali mayi wovala bwino, nsalu yatsopano, koma mapazi ali mbuu ndi fumbi la ulendo wautali, mimba ikuonekera, ndipo kumsana kunalibe mwana ngakhale mabere ankaonetsa kuti anali woyamwitsa posachedwa. Anagwada patali n'kuodira ndi mawu otsika. Nditamuyang'anitsitsa ndinamuzindikira, anali mkazi wa a Sande. Ndinapitiriza kusinja ngati sindinamuone, ndipo ndinamusiya ali chigwadire padzuwa nthawi yaitali, yaitali ndithu, mpaka ndinachita manyazi ndekha. Nditaleka munsi anandiuza kuti mwana wawo anamwalira mwezi wathawo, thupi kutentha, kuzizira, kutenthanso, ndipo ndi wachiwiri kupita choncho. Anati amuna ake sakudziwa kuti wabwera kuno, anawanamiza kuti akupita kwa amayi ake. Anati pa esiteti amayi angapo anayeretsa kale mkati mwa nyumba zawo mwakachetechete, chitseko chili chitsekere, koma palibe amene akanamuuza iye kumene dothilo likupezeka, chifukwa cha mwamuna amene anakwatiwa naye.

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasunga zaka ziwiri, akuthwa bwino, ndipo onse anafika pakamwa nthawi imodzi. Koma ndinayang'ana nsalu yake pachifuwa, inali yonyowa ndi mkaka wopanda woyamwa, ndipo chinthu chimenecho ine ndinkachidziwa. Ndinamupatsa madzi akumwa, ndinamuyalira mphasa pamthunzi, anagona kwathu, ndipo m'mawa mwake ndinabereka bambo anu kumsana, ndinatenga madengu awiri, n'kupita naye ndekha mpaka pa gombe lija, chifukwa njira yake ndi yosokoneza, munthu wongouzidwa amasochera. Pobwerera ndinamuuza zonse, za moto wa m'ming'alu, za phala la chinangwa, za kupaka mopyapyala. Tinasiyana pa mphambano, iye kulowera ku esiteti, ine kwathu, ndipo sitinaonanenso. Ndinangomva patapita zaka kuti mwana amene anali m'mimba uja anakula, anali wamkazi.

Ndiye inu adzukulu anga, a Sande a masiku ano savala chikoti m'chiuno, koma alipo, mudzakumana nawo kuntchito, kuchipatala, ngakhale m'banja momwe. Chinthu chikakhala chokhudza moyo wa mwana wanu, musayambe mwakapempha chilolezo kwa munthu amene sagona m'nyumbamo, chitani, ndipo akakufunsani yankhani mwaulemu koma osabweza mawu. Mudzataya zina, ine ndinataya nyumba ndi munda, musanamizidwe kuti kulimba mtima n'kwaulere. Koma mkwiyo wanu uzidziwa mwini wake, usamagwere aliyense amene wayandikana naye. Mkazi uja ndinamusiya padzuwa nthawi yaitali kwambiri, ndipo pa nkhani yonseyi chimenecho chokha ndicho ndikanakonda nditachita mwina. Wina akadzagwada pakhomo panu ndi chisoni chimene inu mukuchidziwa, mudzamudzutse msanga.